Mapepala Okulungira Mchere

Kompyuta ya mu ofesi ya Zubeda inadwala Lolemba m'mawa, mwezi wa Juni utangoyamba, chaka cha chilala chija cha 1992. Anaiyatsa monga mwa masiku onse kuti alembe maina a anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique amene ankalandira ufa ndi nyemba ku bungwe lawo. Atangolemba mizere itatu, zilembo zinayamba kuyoyoka pagalasi chimodzichimodzi, n'kukaunjikana pansi ngati matalala. Bwana wawo anali pa ulendo wa ku Lilongwe ku msonkhano wa sabata yathunthu. Asanakwere galimoto anaimba lamya ku Blantyre kuti Jasper abwere.

Zubeda atamva dzinalo anaweramira patebulo, kuchita ngati akufunafuna cholembera.

Jasper anali mwana wa alimi a kachewere a ku Tsangano. Anaphunzira zokonza makinawa ku Blantyre, ndipo pa boma pa Ntcheu ankabwera pokhapokha kompyuta ikavuta. Chibwenzi chake ndi Zubeda chinali chitatha chaka, koma ochidziwa anali ochepa: eni akewo, akwawo kwa Jasper, ndi amalume ake a Zubeda, a Sumani a ku Kasinje. Vuto linali loti Jasper anali Mkhristu, pamene bambo ake a Zubeda, Che Abbas, mwini sitolo ya pafupi ndi msika, anali Msilamu wosaphonya mapemphero a swala. Kuwonjezera apo, akwawo kwa Nasoro, mnyamata wa lole yonyamula katundu, anali atabwera kale kudzafunsira mbeta. Che Abbas anali asanavomere, komanso asanakane.

A Sumani anali atamuuza kale Zubeda mosabisa kuti, "Alamu angawa ndimawadziwa. Nkhaniyi ndikaiyamba ine, titakhala pamkeka tsiku la Idi, adzakalipa koma adzamvetsera. Akangoimvera kwina, pamaso pa anthu, udziwe kuti wapita kwa Nasoro. Ugwire pakamwa mpaka ndibwere."

Idi inali itatsala masiku khumi.

* * *

Jasper anafika Lachiwiri masana atavala juzi yotuwa, chikwama cha madisiketi chili kukhwapa. Anapereka moni ngati wa anthu osadziwana, poti mlonda anali pakhonde, ndipo chitseko anachisiya chotsegula dala.

"Mwalowa kachilombo," iye anatero atayang'ana pagalasi. "Kabwera ndi disiketi ya munthu wina. Ndifufuta zonse, ndiikemo sisitimu yatsopano. Maina a anthu aja uli nawo pena?"

"Ali m'madisiketi a m'kabati."

"Basi palibe chotayika."

Anakoka mpando n'kuyamba ntchito. Madisiketi anali asanu ndi imodzi, ndipo iliyonse inkafuna kuidikira. Makina ankang'ung'udza, iwo ankalankhula motsitsa mawu, maso ali pagalasi.

"Ndamuona mnzanga wa lole pa depoti," Jasper anatero. "Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Nsapato zanga sanazikonde."

"Musamaseke, a Jasper. Dzulo anabwera ndi thumba la mpunga wa ku Karonga, ati mphatso ya amayi."

"Analandira?"

"M'chaka cha njala chino, akanakana ndani?"

Jasper anaweramira kumakina. Anatulutsa disiketi yachinayi n'kulowetsa yachisanu.

"Amayi anga nawonso akufunsa," anatero patapita kanthawi. "Ati mtsikana wa m'sitolo angagwire khasu m'chisanu cha kwathu? Ati nanga Lamulungu azidzatsala yekha pakhomo anzake ali kutchalitchi?"

"Inu munawayankha chiyani?"

"Ndinati ndikadzamubweretsa mudzamufunse nokha."

Zubeda anafuna kuyankha, koma mlonda anatsokomola pakhonde, ndipo iye anabweza maso pagalasi.

Sisitimu itatha kulowa, Jasper anafunsa za bokosi limene munabwera pulinta. Anati munali kadisiketi kake. Anafunafuna m'kabati, m'madirowa, ngakhale pamwamba pa shelefu pamene panali fumbi lokhalokha, koma sikanapezeke.

"Kodi n'kofunika chonchi?" Zubeda anafunsa.

"Kompyuta ndi pulinta sizimvana zokha. Pakati pake pamakhala womasulira, ife timati dalaivala. Pulinta iliyonse ili ndi wakewake. Pamene ndafufuta zonse, nayenso wapita." Anadinadina mabatani. "Ndaikamo wa pulinta ina, wongogwirizira, koma sindikumukhulupirira. Weniweni ndikamutenga ku Blantyre. Usasindikize kanthu mpaka ndibwere Lachinayi. Wamva?"

"Ndamva."

Basi inalira hutala ku depoti. Jasper ananyamula chikwama chake. Podutsa anakhudza chala cha Zubeda pamphepete pa tebulo, kamodzi kokha, n'kutuluka.

* * *

Lachitatu ofesi inali zii. Funso la amayi a Jasper linamuvuta Zubeda m'mawa wonse. Mayankho anali nawo, koma nthawi yowanena sinkapezeka: pakakhala palibe mlonda pamakhala bwana. Kalata ya pamanja ankaiopa, chifukwa bambo ake ankadziwa kalembedwe kake ngati nkhope yake. Ndiye anaganiza zoilemba pa kompyuta, yopanda dzina pamwamba ngakhale pansi, kuti Jasper akabwera angomuponyera m'chikwama.

Anailemba, anaisunga pa disiketi yakeyake, kenako anayang'ana pulinta. Anakumbukira chenjezo lija. Koma tsamba limodzi lokha lingawononge chiyani? Anadina batani.

Pulinta inakuwa ngati macheka. Pepala linayamba kutuluka, lija lolumikizana, la timabowo m'mbali monsemu. Panalibe mawu ngakhale amodzi. Panali timitima, timitanda, timivi, manambala osokonekera ndi tinkhope toseka, mzere pamwamba pa mzere. Tsamba loyamba linatha, lachiwiri, lachitatu, osaima. Pamene Zubeda ankazula chingwe cha magetsi n'kuti atakwana masamba khumi ndi anayi.

Anawayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. Mtima unakhala pansi ataona kuti palibe angawerengepo kanthu. Ndipo anachita chimene ankachita nthawi zonse ndi mapepala owonongeka: anawapinda n'kupita nawo kusitolo. Che Abbas ankawakonda mapepala a ku ofesi pokulungira mchere ndi soda. Nyuzipepala ankaiopa, ankati tsiku lina munthu udzakulungira mchere pankhope ya akuluakulu osazindikira.

Madzulo amenewo Zubeda akuthandiza kugulitsa, lole ya Nasoro inaima pakhomo.

"Akalaliki athu, mwaswera? Ndamva kuti dokotala wa makina anabwera. Wodwala ali bwanji?"

"Mukufuna chiyani, a Nasoro?"

"Mchere. Komanso yankho langa, koma limenelo ndikatenga kwa eni ake." Anatsamira pakauntala. "Munthu wa ku Blantyre yense uja, kudwala kwa kompyuta kokha n'kumene kumamubweretsa kuno? Makina amenewa amadwala pafupipafupi bwanji?"

Zubeda anatunga mchere, anaukulunga n'kumukankhira. Nasoro anautenga, koma sanauike m'thumba. Anatembenuza kaphukusiko, anasisita timabowo ta m'mbali ndi chala, anayang'anitsitsa zizindikirozo nthawi yaitali. Kenako anagulanso kachiwiri.

* * *

Chaka chimenecho chinali choopsa kwa aliyense wokhala pafupi ndi makina olembera. Makalata opanda maina onyoza boma ankapezeka m'misewu m'mawa, ndipo anthu ankatengedwa osabweranso msanga.

Lachinayi cha m'ma teni koloko, Zubeda anamva mapazi ambiri pakhonde. Woyamba kulowa anali a Lazarus, tcheyamani wa chipani wa deralo, bambo wamfupi wa jekete lothina. Pambuyo pawo panali anyamata awiri a chipani, ndipo pakati pa anyamatawo panali Che Abbas, chisoti chawo chitapendekeka, nsapato imodzi yosamanga. Nasoro analowa pomaliza n'kuima pafupi ndi chitseko ngati wongodutsa.

A Lazarus anayala mapepala patebulo. Ena anali akadali ndi mchere m'makwinya.

"Mapepala a timabowo awa, pa boma pano amatuluka m'makina amodzi okha. Ndikunama?"

"Simukunama," Zubeda anayankha.

"Atuluka muno, akafika m'sitolo ya bambo ako, kuchokera mmenemo alowa m'nyumba za anthu atabisala mumchere. Nzeru zabwino kwambiri. Tsopano utiwerengere. Akuti chiyani?"

"Sakunena kanthu, a tcheya. Makina analakwitsa."

"Makina analakwitsa masamba khumi ndi anayi?" A Lazarus anatembenukira kwa Che Abbas. "Achimwene, takhala limodzi zaka zambiri. Khadi la chipani mumagula, pamsonkhano simujomba. Koma izi zandikulira. Galimoto ikubwera masana, mukafotokoza kutsogoloko."

"Ine sukulu ndinalekera sitandade thuli, a Lazarus," Che Abbas anatero. "Ndimakulunga mchere basi."

Zubeda anali asanawaonepo bambo ake ali ndi mantha chotere. Anayang'ana kumbali.

Nthawi yomweyo Jasper anatulukira pakhomo, fumbi la basi lili m'tsitsi. Anayang'ana anthuwo, anayang'ana mapepala, kenako Zubeda.

"A tcheya, izi ndikhoza kukuonetsani ndi maso anu," iye anatero atamva nkhani yonse. "Muli womasulira wolakwika m'makinamu, ife timati dalaivala, ndinamuika ndine. Chilichonse chimene mungasindikize chituluka chonchi. Ndikaika woyenera, chomwecho chituluka bwinobwino."

"Tionetse."

Jasper anatenga disiketi ya maina m'kabati, anailowetsa n'kudina. Pulinta inakuwa, timitima ndi timitanda tinatuluka. Anyamata a chipani anasuntha chambuyo. A Lazarus anang'amba tsamba loyamba, analiphatikiza ndi loyamba la mumchere, n'kuwakweza onse awiri pawindo kuti dzuwa liwale. Anayang'ana mzere ndi mzere, mosafulumira.

"Sizikufanana," iwo anatero. "Apa payamba ndi mtanda, apa payamba ndi seveni. Apa mizere ndi yaifupi, apa ndi yaitali. Mwandisindikizira china. Ine ndikufuna chimene chinabala awa."

Nasoro anakonza kukhosi. "Paja ndinamva kuti Lachiwiri zonse zinafufutidwa m'makinamo. Mwina n'chifukwa chake."

"Ngati chinafufutidwa, ndiye kuti chinali choyenera kubisa," a Lazarus anatero, akusonkhanitsa mapepala. "Tiyeni, Che Abbas."

Disiketi ija inali m'chikwama cha Zubeda, pansi pa mpango. Ankaimva ngati khala lamoto. Masiku asanu ndi awiri okha, amalume akanafika, nkhani ikanayenda m'njira yake. Akangokhala chete, palibe akanadziwa. Anaona mmodzi wa anyamata aja akugwira bambo ake pamkono, ndipo bambo akewo anawerama kuti amange nsapato, zala zikukanika kugwira chingwe.

"Dikirani," Zubeda anatero. "Chilipo. Ndi ichi."

* * *

Jasper analandira disiketiyo osadziwa za m'kati mwake. Anasindikiza tsamba limodzi ndi dalaivala wolakwika uja. A Lazarus analikweza pawindo pamodzi ndi la mumchere. Mtanda unagwera pamtanda, mtima pamtima, mpaka pansi.

"Eya. Ndi chimenechi. Tsopano womasulira wakoyo."

Jasper anatulutsa kadisiketi ka ku Blantyre. Anachotsa dalaivala wakale, anasankha dzina la pulinta yawo pamndandanda, makina anapempha kadisiketiko, iye anakalowetsa. Anazimitsa zonse n'kuyatsanso. M'chipindamo munkangomveka kung'ung'udza kwa makina ndi kupuma kwa Che Abbas. Pamene mawu anaonekera pagalasi, Jasper anawerenga mzere woyamba, ndipo dzanja lake linaima m'malere. Anatembenuka n'kumuyang'ana Zubeda.

"Dinani," Zubeda anatero.

Linatuluka tsamba limodzi lokha, loyera, la mizere yowongoka. A Lazarus anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga mokweza, liwu ndi liwu, monga ankawerengera zilengezo pamsonkhano.

"Wokondedwa wanga. Mukawauze amayi anu kuti khasu sindinaligwirepo, koma manja ndili nawo. Chisanu cha ku Tsangano sindichiopa. Za Lamulungu sindinama, kutchalitchi sindidzapita, ndipo inunso sindidzakukokerani kumzikiti. Ndidzakudikirani pakhomo, madzi ali pamoto. Amalume akuti tipirire mpaka Idi. A Nasoro ngakhale abwere ndi malole khumi a mpunga, mtima wanga suli kumeneko. Bambo anga ndimawakonda ndipo ndimawaopa, sindifuna kuchoka pakhomo pawo ngati wakuba. Ndikufuna adzandipereke okha m'manja mwanu."

Mmodzi wa anyamata aja anaphulika kuseka, mnzake anamugunda ndi chigongono. Nkhope ya Nasoro inada. Che Abbas anali ataimirira mowongoka tsopano, akuyang'ana khoma.

A Lazarus anatembenuza pepalalo. "Za boma mulibe. Koma ilibe dzina. Masiku ano kalata yopanda dzina sindingaisiye choncho. Walemba ndani, ndipo akulembera ndani?"

"Ndalemba ndine, Zubeda Abbas."

"Kulembera?"

"Ine, a tcheya," Jasper anayankha asanafunsidwe. Anatembenukira kwa Che Abbas n'kugwira manja pamodzi. "Bambo, sinali njira imene tinkafuna kuti mumvere. Akwathu anali okonzeka kubwera mwaulemu."

Che Abbas sanamuyang'ane n'komwe.

A Lazarus anavula magalasi. Anapinda kalatayo pawiri n'kuipereka kwa Che Abbas. "Achimwene, pepani. Mlandu wa boma palibe. Uwu ndi wa kunyumba kwanu, mukauweruze nokha." Pakhomo anaima n'kuloza Nasoro ndi chala. "Iwe, tsiku lina usadzandidzutsire nkhani za akazi." Anatuluka ndi anyamata ake. Asanafike n'kumsewu komwe, kuseka kwawo kunamveka, ndipo Zubeda anadziwa kuti dzuwa lisanapendeke msika wonse ukhala ukuloweza kalata yake.

* * *

Anatsala anayi. Zubeda anagwada pasimenti.

"Baba, ndikhululukireni."

"Unandipulumutsa," Che Abbas anatero pang'onopang'ono. "Ukanakhala chete, bwenzi pano ndili m'galimoto. Chimenecho ndachiona, sindidzaiwala." Anayang'ana kalata ili m'manja mwawo. "Koma chaka chathunthu ukudya nane mbale imodzi. A Sumani akudziwa. Amayi a ku Tsangano akudziwa. Lero a Lazarus ndi anyamata awo akudziwa. Ine mwini mwana ndamvera limodzi ndi anthu ondigwira pamkono. Mawa ndikalowa bwanji mumzikiti?"

Apa Nasoro anasendera pafupi, mawu atawafewetsa.

"Baba, ine ndinaona mapepala achilendo, ndinachita mantha ngati wina aliyense. Sindinadziwe kuti afika pa inu. Koma ndinene pamaso panu: zonse ndazimva, zondinyoza ndazimvanso, komabe mawu anga sindibweza. Ngati mukuopa kuti palibe adzamufune mwana wanu pambuyo pa lero, ine ndilipo."

"Baba, ndi yemweyu anakutengerani kwa a tcheya!" Zubeda anakuwa.

"Ndikudziwa," Che Abbas anayankha. "Ndine wosaphunzira, koma si wopusa."

Kunja kunadutsa ngolo, belu la ng'ombe likulira. Zubeda anayang'ana nkhope ya bambo ake ndipo anaona kuti sakusankha pakati pa anyamata awiriwo. Ankafunafuna njira yoti mawa akadutse pamsika mutu uli m'mwamba.

"Nasoro, ukawauze akwanu abwere Loweruka. Lamulungu tipita kwa shehe, akamange ukwati, ndowa ichitike."

"Baba! Amalume sanabwere!"

"Amalume ako anadziwa zawo ine osadziwa. Izi adzamva zitatha."

Kenako, kwa nthawi yoyamba, Che Abbas anatembenukira kwa Jasper. Anamuyang'ana bwinobwino, nkhope, juzi yotuwa, manja amene anali akadali pamodzi.

"Ntchito yanu mumaidziwa, bambo. Lero mwandichotsa m'kamwa mwa imfa, zikomo. Mwana wanga musadzamuonenso."

"Bambo, ndimvereni kamodzi kokha."

"Zubeda, siya makiyi a ofesi patebulopo. Tsogola."

Zubeda anadzuka. Mawondo ake anali oyera ndi fumbi la simenti. Anatulutsa makiyi m'chikwama, koma sanawaike patebulo. Anapita pamene panaima Jasper, anatsegula dzanja lake n'kuwaika mmenemo, bambo ake ndi Nasoro akuona.

"Ku Kasinje, kwa amalume," iye anatero, osatsitsa mawu. "Nyumba yachitatu kuchokera pachigayo. Muli ndi masiku awiri."

Che Abbas anamugwira pamkono n'kutuluka naye.